Ulendo wa pa Ndege Kuchokera ku Chingozi Kunka ku Maputo

Munthu wa ku Chifunde wofuna kukafika msanga ku Maputo ayenera kuyamba watsikira ku Tete pagalimoto, pakuti kumeneko, pa bwalo la Chingozi, ndiko ndege za kampani ya LAM zinyamukira. Mlengalenga, mmene mulibe phiri kapena mtsinje woulambalala, mtundawo ndi makilomita pafupifupi 1,100, ndipo ndege yosatera panjira iutha m'maola ngati awiri. Pamene wodzera pamsewu wa ku Chimoio ndi Inchope apyola makilomita 1,500, nagona panjira asanaone likululo. Komatu walira mvula walira matope, popeza liwiro lotere ligulidwa ndi ndalama zambiri. Chotero inu apaulendo, poyesa mtunda, yesaninso thumba lanu musananyamuke.