Namwino watsopano kapena wakale: zipatala zimalemba ndani?

M'makomboni a Chipata ndi Lusaka muli mabanja ambiri amene anakongola ndalama, ena kugulitsa ziweto za kumudzi, kuti mwana aphunzire unamwino. Mwanayo anatsiriza zaka 3 za maphunziro, koma akali pakhomo. Makolo amadabwa. Zipatala zikudandaula za kucepa kwa anamwino, nanga bwanji osalemba ana awo?

Coyamba, kutsiriza sukulu sikukwanira. Namwino ayenera kupambana mayeso a bungwe la Nursing and Midwifery Council of Zambia, limene kale linali kuchedwa General Nursing Council, ndi kulandira laisensi imene amaikonzanso caka ndi caka. Wopanda pepala limeneli saloledwa kugwira nchito ya unamwino.

Laisensi ikapezeka, njira zimapatukana. Zipatala zimene si za boma kawirikawiri zimafuna munthu amene wagwirapo kale nchito. Anchito awo ndi ocepa, ndipo alibe munthu woti aziyang'anira wina amene akali kuzolowera. Boma ndilo limalemba ambiri mwa ongotsiriza kumene maphunziro, koma sililemba cabe cifukwa m'wodi mwacepa anthu. Ndalama za malipiro ziyenera kuyamba zaikidwa mu bajeti ya dziko. Ndico cifukwa cake kulemba kumacitika mwa apo ndi apo, gulu lalikulu nthawi imodzi. Mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo 11,276, komabe ofunsira nchito anali ambiri kuposa malo.

Otsalawo ambiri amadzipereka kugwira nchito m'zipatala ndi m'makiliniki popanda malipiro, kuti manja asaiwale ndiponso kuti akhale ndi umboni wakuti anagwirapo nchito. Ena zinawayendera. Mu January 2024, pa mliri wa kolera, Pulezidenti Hakainde Hichilema analamula kuti odzipereka amene anali kusamalira odwala pa Heroes Stadium ku Lusaka alembedwe nchito. Koma njira imeneyi ili ndi tsankho lake. Mwana wa banja losauka sangathe kulipira basi ndi cakudya miyezi yambiri wosalandira kanthu, motero amatsalira kumbuyo ngakhale anapambana bwino mayeso.

Kwa wodwala, nkhani yaikulu ndi yakuti namwino watsopanoyo akugwira nchito pafupi ndi ndani. Kupeza mtsempha pa dzanja la mwana amene watha madzi m'thupi ndi matenda otsegula m'mimba, kapena kuzindikira msanga kuti mayi amene wangobereka akutaya magazi ambiri, ndi luso limene limakhwima m'wodi, pambali pa namwino wakale amene anazionapo nthawi zambiri. Watsopano amabwera ndi mphamvu ndi maphunziro a masiku ano, koma wina ayenera kumuongolera, makamaka usiku pamene dokotala sali pafupi.

Apa ndi pamene pali vuto. Anamwino odziwa nchito ndiwo amene maiko olemera monga Britain amawakopa ndi malipiro apamwamba. Mu 2023 bungwe la World Health Organization linaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 amene akucepekedwa kwambiri anchito a zaumoyo. Wakale mmodzi akacoka, atsopano angapo amatsala opanda mphunzitsi. Amene watumizidwa ku kiliniki yaing'ono ya kumudzi angapezeke ali yekha, nabereketsa amayi, kubaya katemera ndi kupereka mankhwala a malungo popanda womufunsa.

Makolo amene akufuna kutumiza mwana ku sukulu ya unamwino ayambe afunsa ngati sukuluyo ndi yovomerezedwa ndi bungwe la anamwino lija. Acenjerenso ndi anthu amene amayenda m'makomboni kupempha ndalama ndi lonjezo lakuti adzalowetsa dzina la mwana pa mndandanda wa olembedwa. Nchito ya boma siigulidwa, ndipo wopempha ndalama zotere akanenedwe ku polisi kapena ku Anti-Corruption Commission.