Ana a Sukulu Akakaona Tchalitchi cha pa Likoma

Mwana amene wakulira kumudzi akaima koyamba patsogolo pa tchalitchi cha St Peter's pachilumba cha Likoma, kawirikawiri amayamba wakhala duu. Nyumba yaikulu imene amaidziwa ndi mdadada wa makalasi a pasukulu pawo. Apa akuona nsanja ziwiri ndi makoma otalika pafupifupi mamita 100, kufanana ndi bwalo la mpira. Akatsegula pakamwa, funso lake limakhala lakuti: anamanga ndani, nanga zipangizo anazipeza kuti pakachilumba kakang'ono chotere?

Funso limeneli ndi limene limapatsa phindu ulendo wa sukulu. Likoma ndi chilumba cha dziko la Malawi, koma chili kufupi ndi gombe la Mozambique, moyang'anana ndi Cobue. Amishoni a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika pachilumbachi m'chaka cha 1885. Mwala wa maziko a tchalitchichi unaikidwa ndi Bishopu Gerard Trower m'chaka cha 1903, ndipo nyumbayi inapatulidwa m'chaka cha 1911. Amene anajambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito anali Frank George, koma manja amene anaphwanya miyala, kuisenza ndi kuiyala anali a amuna ndi amayi a pachilumbachi ndi a m'mbali mwa nyanja. Miyala inakumbidwa pa Likoma pomwepo. Matabwa ndi zipangizo zina zinaoloka nyanja kuchokera kumtunda, pamene magalasi anachokera ku England.

Mphunzitsi wokonzekera bwino salola ana kungodutsa m'nyumbamu ngati alendo ojambula zithunzi. Amawauza kuti ayeze kutalika kwake ndi mapazi, kenaka ajambule m'makope mwawo maonekedwe a nyumba yonse, kuti adzionere okha kuti inamangidwa ngati mtanda. Amawaimika pansi pa zipilala kuti aone mmene khoma lopindika ngati uta limasenzera kulemera kwa zimene zili pamwamba pake. Masamu amene amavuta pabolodi amamveka msanga mwana akawakhudza ndi dzanja.

Palinso luso la zosemasema ndi zojambula. Mawindo a magalasi amitundumitundu amasintha kuwala kwa dzuwa m'kati mwa nyumbayi, ndipo mipando ya kutsogolo inasemedwa pa mwala wofewa. M'tchalitchimu mulinso mtanda waung'ono umene unapangidwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo m'dziko la Zambia, pamene panakwiriridwa mtima wa David Livingstone atamwalira m'chaka cha 1873. Mtanda wina wochokera ku mtengo womwewo uli m'tchalitchi cha Anglican ku Zanzibar, chimene chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo. Motero m'kathabwa kamodzi mwana amaona mmene mbiri ya Malawi, Zambia ndi Tanzania inalumikizirana.

Malo amene tchalitchichi chili amatchedwa Chipyela, chifukwa kale pankaotchedwa anthu oganiziridwa ufiti. Nkhani imeneyi si yoibisa kwa ana. Mpaka lero m'madera ena agogo amamenyedwa, kuthamangitsidwa ngakhale kuphedwa kumene pa mlandu womwewu. Aphunzitsi ndi alangizi a zachitukuko angathe kuyambira pamenepa pokambirana ndi ana za ulemu woyenera okalamba.

Vuto lalikulu la maulendo otere ndi ndalama. Kwa kholo limene likuganiza za mbewu ndi feteleza, ulendo wokaona tchalitchi umaoneka ngati kusewera. Zotsatira zake n'zakuti amapita ndi ana a anthu opezako bwino okha, pamene mwana wa mlimi amangomva nkhani kwa anzake. Komiti ya sukulu ikafuna kuti pasakhale wotsalira, iyenera kuyamba msanga, pakuti mutu umodzi susenza denga. Makolo angathe kusonkha chimanga kapena mtedza pa nthawi yokolola, kugulitsa pamodzi, ndi kusunga ndalamazo ku banki m'khonde. Munda wa sukulu nawo ungathandize kulipirira ana amasiye.

Nthawi ya ulendo nayo ndi yofunika kuiganizira. Ndalama zimapezeka pokolola, koma miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye ndi imene mphepo ya mwera imavuta panyanja. Ndi bwino kusunga ndalamazo ndi kufunsa anthu a kunyanja za nyengo yabwino yoolokera. Ku Likoma kumapita sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda m'chaka cha 1951, komanso maboti ochokera ku Nkhata Bay. Atsogoleri a ulendo aonetsetse kuti mwana aliyense ali ndi chovala chopulumutsira moyo pamadzi, makolo avomereza, ndiponso akuluakulu a mpingo adziwitsidwa, popeza iyi ndi nyumba yopemphereramo.

Sukulu zimene zili kutali ndi nyanja zisataye mtima. Ku Blantyre kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene M'busa David Clement Scott anamanga ndi amisiri akuda pakati pa 1888 ndi 1891, ndi njerwa zoumbidwa pomwepo. Ku Mua m'boma la Dedza kuli malo a Kungoni, kumene ana angaone zosemasema ndi zigoba za gule wamkulu.

Kumudzi kukufunika amisiri omanga nkhokwe zolimba, milatho ndi zipatala. Mwana amene wagwira khoma limene laima zaka zoposa 100, namva kuti analimanga ndi anthu onga agogo ake, amabwerera kwawo akuliona dzanja la mmisiri ndi maso ena.