Chifukwa Chake Pampu Imalephera Kukweza Madzi m'Chitsime Chakuya

Mwezi wa Seputembala ukafika, alimi a fodya a m'chidikha cha Kasungu amatsikira kumadambo kukakonza nazale. Mbande za fodya zimafuna kuthiriridwa tsiku ndi tsiku kufikira mvula yobzalira itagwa mu Novembala kapena Disembala, ndipo iyi ndiyonso nyengo imene madzi a m'zitsime amanka natsika. Mlimi amene anagula pampu yopalasa ndi miyendo, imene ambiri amaitcha thiredo pampu, amadabwa kuona kuti pampu imene inkalavula madzi bwino mu Juni ikungopuma mphepo mu Okutobala. Ena amati anawagulitsa chinthu chachabe, ena amayamba kuganizira anansi awo zoipa. Koma kawirikawiri pampuyo imakhala ilibe mlandu. Chimene chachitika chimafotokozedwa ndi sayansi ya mpweya, ndipo sayansi imeneyi mwana wa sukulu angathe kuiyesa pakhomo ndi ziwiya wamba.

Mfundo yoyamba ndi yakuti mpweya uli ndi kulemera. Dziko lonse lakutidwa ndi mpweya wofika makilomita ambiri kumwamba, ndipo mpweya wonsewo umakanikiza chilichonse chimene chili pansi pake. M'mbali mwa nyanja ya mchere, kamalo kofanana ndi chikhadabo, sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, kamasenza kulemera kwa pafupifupi kilogalamu imodzi. Munthu samva katundu ameneyu chifukwa mpweya umakanikiza mbali zonse mofanana, ndiponso za m'kati mwa thupi zimakankhira kunja ndi mphamvu yomweyo.

Wofuna umboni atenge tambula, aidzaze madzi mpaka pakamwa, aivundikire ndi kapepala kolimba, kenaka aitembenuze chadodolido atagwira kapepalako. Akachotsa dzanja pang'onopang'ono, madzi satayika. Mpweya wa kunja ukukankha kapepalako kuchokera pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwa madzi a m'tambula.

Chiyeso chachiwiri ndicho chimaulula chinsinsi cha pampu. Munthu akamamwa madzi a m'botolo ndi kapaipi, amaganiza kuti pakamwa pake ndi pamene pakukoka madziwo. Tsono adzaze botolo lagalasi mpaka pamwamba, alowetse kapaipi, ndipo amate pakamwa pa botolo ndi phula kuti mpweya usapeze polowera. Ngakhale ayamwe mpaka masaya kupweteka, madzi sabwera. Akaboola phulalo pang'ono, madzi amakwera nthawi yomweyo. Apa zikuoneka kuti pakamwa pamangochepetsa mpweya wa m'kapaipi. Amene amakankha madzi kuti akwere ndi mpweya wa kunja. Malo amene achotsedwa mpweya chotere akatswiri amawatcha vakyumu. Makolo akale ankagwiritsa ntchito mfundo yomweyi polumika ndi nyanga: ankayamwa mpweya pa kabowo ka kunsonga ndi kutseka ndi phula, nyangayo nkumamatira pakhungu.

Pampu yoyamwa imachita chimodzimodzi, ndipo popeza mphamvu ya mpweya ili ndi malire, msinkhu umene madzi angakwere ulinso ndi malire. Amisiri a zitsime a ku Italy anazindikira kalekale kuti mapampu awo sankakweza madzi kupitirira mamita 10, koma chifukwa chake sankachidziwa. Amene anamasula mwambiwu ndi Evangelista Torricelli, wophunzira wa Galileo, m'zaka za m'ma 1640. Iye anadzaza mercury m'paipi yagalasi yotseka mbali imodzi, naitembenuzira m'mbale ya mercury, ndipo inatsika nkuima pa masentimita 76. Mercury imalemera kuposa madzi pafupifupi ka 13 ndi theka, kotero kuti masentimita 76 a mercury amafanana ndi mamita 10.3 a madzi. M'chaka cha 1648, Florin Périer, mlamu wake wa Blaise Pascal, anakwera ndi chipangizo chotere phiri la Puy de Dôme ku France, ndipo anapeza kuti pamwamba pa phiri mercury inaima pansi kusiyana ndi m'munsi. Ku Germany, Otto von Guericke, meya wa mzinda wa Magdeburg, anaphatikiza mbale ziwiri zamkuwa nazichotsa mpweya. Akavalo 8 mbali iyi ndi 8 mbali inayo analephera kuzilekanitsa, koma atalowetsamo mpweya zinasiyana zokha.

Phunziro la phiri lija likukhudza Kasungu mwachindunji. Chidikhachi chili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo mpweya wake umakanikiza mocheperapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Ngakhale pampu yopanda chilema chilichonse singayamwe madzi kupitirira mamita 9 kumeneko. Koma pampu yeniyeni ili ndi timipata todutsa mpweya, ndipo madzi amakhulana ndi paipi, kotero kuti mlimi asayembekezere zoposa mamita 6. Mtunda umenewu uyezedwe choongoka, kuchokera pamene pakhala pampu kufika pamwamba pa madzi, osati pansi pa chitsime. Chitsime chimene madzi ake anali pa mamita 4 mu Juni chingathe kufika pa mamita 7 m'chilimwe, ndipo pamenepo ngakhale apalase mwamuna wamphamvu chotani, madzi sadzabwera.

Nzeru yake ndi kuyeza madzi ndi chingwe chomangirira mwala m'mwezi wa Okutobala, ndalama zisanaperekedwe kwa wogulitsa. Ngati madzi atsika pang'ono chabe, mlimi akumbe pokhala pampu pambali pa chitsime kuti iyandikire madzi, koma asamale kuti dothi lisagumukire munthu. Paipi yoyamwira ikhale yaifupi ndi yosapindikapindika, ndipo molumikiza monse mukulungidwe ndi mphira ya chubu cha njinga, pakuti kabowo kochepa ngati ka singano kamaononga vakyumu yonse. Madzi akakhala akuya kwambiri pamafunika pampu ya mtundu wina. Mjigo wa Afridev, umene chiyambi chake chinali ku Malawi komwe kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, umatulutsa madzi pa mamita ofika 45 chifukwa silinda yake imakhala pansi, m'madzi momwemo. Mjigowu umanyamula madzi kuchokera pansi, ndipo sudalira mpweya kuti uwakankhe.

Mfundo yomweyi imagwiranso ntchito pa balani youmitsira fodya. Mpweya wotentha wa m'chumuni ndi wopepuka kusiyana ndi wa kunja, nchifukwa chake mpweya wa kunja umadzikankhira m'ng'anjo ndi kukoleza moto. Mapaipi a moto akang'ambika, mpweya umalowera m'ming'alumo, moto umafooka, ndipo nkhuni zimatha zambiri fodya asanaume. Kumata ming'alu nyengo isanayambe nkupulumutsa mitengo.

Chiyeso chotsiriza chimafuna sirinji yatsopano yopanda singano. Yotola kuchipatala kapena kudzala isakhudzidwe nkomwe. Munthu ayamwiremo madzi ofunda pang'ono, atulutse mpweya wonse, atseke kukamwa kwake ndi chala, ndipo akoke mwamphamvu. Madzi amabwadamuka ngati ali pamoto. Akuwiradi, chifukwa mpweya ukachepa madzi amawira asanatenthe kwambiri. Ngakhale pamafuwa, madzi a ku Kasungu amawira pa madigiri 96 kapena 97, osafika 100.

Boma la Kasungu lili ndi mboni yakuti zoyesayesa za pakhomo si masewera chabe. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, analeka sukulu ya sekondale chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, pamene makolo ake analephera kulipira fizi. Anayamba kubwereka mabuku m'kanyumba kosungira mabuku pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, ndipo chithunzi cha m'buku lotchedwa Using Energy chinamupatsa maganizo. M'chaka cha 2002, ali ndi zaka 14, anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, mapaipi apulasitiki, njinga yakale ndi dayinamo. Anthu ena ankamuyesa wamisala kufikira tsiku limene babu linayaka.

Kholo limene lapeza mwana akuseweretsa tambula, botolo ndi kapaipi lisafulumire kumukalipira. Limufunse chimene akuona, ndipo Okutobala akafika limutume ndi chingwe kukayeza madzi a m'chitsime cha kudimba.