Za Mbeu Zimene Makolo Athu Anatisiyira

Ife a muno m'Lilongwe tinazolowera kunena kuti munthu amene sanadye nsima ya chimanga wagona ndi njala. Koma m'chaka cha 2024 dzuwa linapsereza chimanga m'minda, ndipo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'tsoka. Ufa unakwera mtengo m'misika ya ku Kawale, ku Chinsapo ndi ku Mgona, kotero kuti ambiri a ife tinali kugula wa m'timatumba, wongokwanira usiku umodzi.

Makolo athu sanali kutsamira mbeu imodzi. Chimangachi ndi mlendo wochokera ku America. Koma mapira, mawere, nzama ndi khobwe ndizo mbeu za m'Africa muno, ndipo imodzi ikakanika, inzake inali kupulumutsa mudzi.

Taonani tsono, anthu ophunzira abwerera ku mbeu zomwezo. Ku Chitedze, pa mseu wa ku Mchinji, boma linatsegula malo ofufuzira za ulimi m'chaka cha 1948. Ndipo kuyambira 1992 kuli nkhokwe ya mbeu, m'mene asunga mbeu zotoledwa m'midzi, zoumitsidwa bwino ndi kuikidwa pozizira kuti mtundu wake usafe. Aphunzitsi a ku Bunda nawonso azifufuza. Ndipo bungwe la United Nations linapatula chaka cha 2023 kuti chikhale cha mawere, mchewere ndi zinzake.

Kodi apeza chiyani? Apeza zimene agogo athu anali kuzidziwa ndi manja ao. Mapira apirira chilala koposa chimanga. Mawere akhala nthawi yaitali m'nkhokwe osafumbwa msanga. Nzama ibereka ngakhale m'nthaka yoguga, niibwezera chonde m'nthakamo monga achitira khobwe. Bonongwe ndi luni, zimene tizizula ngati udzu, zili ndi zofunika pa magazi a ana ndi a amayi apakati.

Pa za nzama tili ndi mau ena. M'madera ena anthu ati mkazi yekhayo amene anataya mwana ndiye ayenera kuibzala, ndipo mantha amenewa aletsa ambiri kuilima. Ife Akhristu tidziwa kuti Mulungu sanaike imfa m'mbeu imene anailenga kuti idyetse ana ake. Tsono mayi aliyense aibzale ndi mtima wokhazikika.

Mwina muti, m'tauni mulibe munda. Koma kuseri kwa nyumba, ku Biwi kapena ku Area 25, sikusowa mkwamba umodzi kapena iwiri pothira madzi otsukira ndiwo. Pamenepo bonongwe akula, nathyoledwa patangopita mwezi umodzi. Amene muli ndi kadimba kapena munda kumudzi, patulani mizere ingapo ya nzama ndi mapira. Mukapita kukaona agogo, pemphani kambeu ka m'chiguduli, mudzagawane pa mphakati mvula isanagwe.

Yosefe wa ku Ejipito anadzaza nkhokwe njala isanafike. Ambuye atipatse ife nzeru yomweyo, nadalitse ntchito ya manja anu.