Mau Akuti "Presciently": Kunena Modziŵiratu

Mwa mau a Chingerezi amene amadodometsa ophunzira a Fomu 4, ena ndi akuti "presciently". Mauŵa sapezeka kaŵirikaŵiri m'mabuku a sukulu, ndipo wophunzira wa ku Nambuma akakumana nawo amangoti ndi "molosera". Kumasulira kotereku nkopereŵera.

Tsinde lake ndi Chilatini: "prae", ndiye kuti chinthu chisanachitike, ndi "scire", kudziŵa. Tsono m'Chicheŵa mau oyandikira kwambiri ndi akuti "modziŵiratu" kapena "mooneratu". Mneneri amanena zimene wauzidwa ndi Mulungu, ndipo za iye Mngerezi amati "prophetically". Sing'anga amaombeza ula. Koma munthu wolankhula "presciently" alibe ula kapena maloto. Iye amangopenyetsetsa zizindikiro zimene anzake akuzinyalanyaza.

Chitsanzo chili pafupi ndithu. M'chaka cha 2001 chimanga sichinachite bwino m'dziko muno, ndiponso chimene chinali m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Chakumapeto kwa chakacho, bungwe la Save the Children, litayendera midzi ya ku Mchinji, kumadzulo kwa Namitete, linachenjeza kuti kukudza njala yoopsa. Chenjezolo silinamveke msanga. Pofika mu February 2002 anthu ambiri a m'Chigawo cha Pakati anali kudya gaga ndi mizu ya nthochi, ena nkumafa, ndipo pa 27 mwezi womwewo Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka la njala. Wolemba mbiri lero angathe kunena kuti bungwelo linachenjeza "presciently".

Apa mpamene pali msampha. Mauŵa sanenedwa chinthu chisanachitike. Amene amaŵapereka ndi anthu a pambuyo, ataona kuti zonenedwazo zapherezera. Agogo a ku Nsaru akaona mango atabereka mopitirira muyeso, nanena kuti chaka chino kuli njala, mdzukulu wao asathamangire kulemba kuti anena "presciently". Ayambe wadikira kufikira nkhokwe zitauma. Dzinja likayenda bwino, agogowo angolosera chabe, ndipo mau oŵayenera ndi akuti "predicted", amene safuna umboni wina uliwonse.

Nchifukwa chake wophunzira wolemba pa mayeso a MSCE kuti atate ake anena "presciently" kuti maŵa kugwa mvula, wataya malikisi, pakuti maŵalo silinafike.