Jane Ansah: Kukhoti, kuguwa, kenako ndale

Kwa anthu ovota a kwa Zulu m'boma la Mchinji, kumalire a dziko lino ndi Zambia, dzina la Jane Ansah si lachilendo. Mu 2019 mayiyu ndiye adalengeza zotsatira za mavoti awo, koma pofika 2025 iye mwini ndiye amapempha mavotiwo.

Ansah adabadwa mu 1955 ndipo adaphunzira za malamulo mpaka kupata digiri ya udokotala ku yunivesite ya Nottingham ku Mangalande. Atagwira ntchito ngati woweruza kubwalo lalikulu la milandu, mu 2006 malemu Bingu wa Mutharika adamusankha kukhala mlangizi wamkulu wa boma pa nkhani za malamulo. Adali mayi woyamba kukhala pampandowu m'dziko muno. Mu 2011 adakwezedwa kupita kubwalo la Supreme Court, lomwe chigamulo chake n'chomaliza.

Akavula mkanjo wa kukhoti, mayiyu amaima paguwa. Adakhala akutumikira ngati m'busa mumpingo wa Christ Citadel International Church pamodzi ndi mwamuna wake, bishopu wochokera ku Ghana.

Koma akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mu 2016 Ansah adakhala wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho la MEC, ndipo chisankho cha pa 21 May 2019 chidamuika pamoto. Mapepala ena a zotsatira adapezeka atafufutidwa ndi Tippex. Bungwe la HRDC lidatsogolera zionetsero kwa miyezi ingapo, kufuna kuti atule pansi udindo, koma iye adakana.

Pa 3 February 2020 bwalo loona za malamulo aakulu a dziko lino lidathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, ndipo lidati wopambana azipeza mavoti oposa theka. Bwalo la Supreme Court litagwirizana ndi chigamulochi mu May chaka chomwecho, Ansah adatula pansi udindo. Pa chisankho chachibwereza cha pa 23 June, Lazarus Chakwera adapambana.

Ambiri adaganiza kuti mbiri ya mayiyu yathera pomwepo. Koma mu 2025 Peter Mutharika wa chipani cha DPP adamusankha kuti aime naye limodzi. Awiriwa adapambana chisankho cha pa 16 September ndipo adalumbiritsidwa pa 4 October. Apa Ansah adakhala mayi wachiwiri kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, kutsatira Joyce Banda yemwe adalowa paudindowu mu 2009.

Maganizo a anthu pa iye ngosiyana. Ena amamuona ngati chitsanzo kwa atsikana akumudzi kuti sukulu imafikitsa patali. Ena sadaiwale za Tippex, ndipo amafunsa ngati n'koyenera kuti yemwe adawerengapo mavoti adzaime pambali pa amene adamulengeza kuti wapambana.

Chomwe mlimi wa fodya kapena mtedza kwa Zulu angayeze nacho mayiyu ndi ntchito zake: mtengo wa feteleza, mankhwala kuchipatala ndi chilungamo kukhoti kwa munthu wosauka.