Greener ya atsibweni ndimaikonda, koma sindilasa nayo

Pansi pa bedi langa kumudzi pali bokosi lachitsulo la maloko awiri. M'bokosimo mumagona mfuti imene ndimaikonda kuposa foni, kuposa njinga yamoto, ndipo mayi akunyumba amati mwina kuposa iwo amene. Ndi Greener ya chipolopolo chimodzi imene anandisiyira atsibweni anga. Chiphaso ndili nacho, cha m'dzina langa, ndipo sindilola kuti chithe ntchito. Mwezi uliwonse ndimaipukuta n'kuidzoza mafuta. Vuto ndi limodzi basi: ndikaloza chinthu n'kuwomba, chinthucho chimatsala chili phee, ngati sipanachitike kanthu.

Kwa inu amene mfuti mumaidziwira mu PUBG ndi m'mafilimu, Greener si mfuti yolira motsatizana ija ayi. Inapangidwa ndi kampani ya W.W. Greener ku Birmingham, ku England, ndipo kapangidwe kake kanatengera mfuti ya Martini-Henry imene asilikali a Britain ankagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1870. Kunsi kwake kuli chitsulo chimene umachikankhira pansi, mfuti n'kuyasama, iwe n'kulowetsa chipolopolo chimodzi, n'kutseka. Ukawomba, basi zatha. Ukafuna kuwombanso uyambirenso poyamba, ndipo nyama siidikira zimenezo. Yanga ndi imene amati 12 bore. Nambalayi ndi ya kuwerenga kwachikale: utaumba mipira ya mtovu yokwana bwino mumpope wa mfutiyo, mipira 12 ingalemere paundi imodzi. Chipolopolo chake si chimodzi cholimba. M'kati mwake muli machaka ambirimbiri amene amamwazika akangotuluka. Ndiye anthu amati mfuti yotereyi ngakhale mwana sangaphonye nayo. Ine ndimaphonya nayo.

Munda wathu uli kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi, ndipo chimanga chikayamba kukhwima, anyani masana, nguluwe usiku. Atsibweni anali munthu amene mudzi wonse unkathamangira zikavuta. Ankadziwika kuti sawomba kawiri. Ndili mwana ndinkawanyamulira thumba, ndipo fungo la wonga losakanikirana ndi la fodya wawo ndimalimvabe ndikatsegula bokosi lija. Pa thako la mfutiyi pali malo amene thabwa linasalala n'kuda chifukwa cha tsaya lawo. Atatsala pang'ono kutisiya anandiitana n'kunena kuti, "Mphwanga, iyi ndi yako. Usaigulitse, usaibwereketse, ndipo usaloze nayo munthu ngakhale ilibe kanthu." Ana awo enieni sanadandaule. Kwathu kuno chinthu cha atsibweni kupita kwa mwana wa mlongo wawo si nkhani yachilendo.

Mapepala atatheka, anyamata a m'mudzi anaika chigubu cha malita asanu patsinde pa chulu, ine n'kuwerenga mapazi 25. Ndinawomba katatu. Fumbi linabuka katatu, konseko kumanzere kwa chigubu. Mkulu wina amene ankaonerera atakhala pampando anangopukusa mutu. "Mfuti yakana mwini watsopano iyi. Pitani kumanda mukawauze eni ake." Ena ankati atsibweni anali ndi mphini padzanja, ndipo popanda mphinizo ndikungotaya zipolopolo. Ndiulule pano, poti mwina simundidziwa: kumandako ndinapitadi, n'kuyankhula. Sabata yotsatira ndinaphonyanso.

Kwa zaka ziwiri nkhaniyi inali nthabwala. Anzanga pa WhatsApp ankanditcha mlenje wa fumbi, ine n'kumaseka nawo. Ndinkadziuza kuti palibe vuto, pajatu ine si wosaka nyama. Uzimba wa nthawi ya atsibweni unapita, ndipo lamulo la nyama zakutchire atalikhwimitsa mu 2017, milandu ikuluikulu chilango chake chimafika zaka 30 kundende. Ntchito ya mfuti yanga inali phokoso basi, kuti anyani adziwe kuti munda uli ndi mwini.

Nthabwalayo inatha m'mawa wina mu Malichi. Kunali kusanayere bwino, ndipo nguluwe inali itagwetsa mizere ingapo usiku umenewo. Ndinaiona ikutsikira kudimba, mtima n'kuthamanga, ndipo ndinawomba ndisanaganize. Nguluwe inapita osatsimphina n'komwe. Chimene ndinamva ndi kulira kwa chitsulo, kenako kukuwa kwa munthu. Kuseri kwa nthochi, kumanzere kwa pamene ndinaloza, kunali mayi wina wa m'mudzi mwathu momwemo amene analawirira kukathirira mbewu. Ndowa imene anaitula pansi inali itabooka pawiri. Iwo anali ataima sitepe imodzi kuchokera pa ndowapo.

"Achimwene, ndakulakwirani chiyani ine?" Anangofunsa zimenezo, ali njenjenje, kenako anakhala pansi m'matope.

Nkhani inafika kwa amfumu. Ndinapepesa, ndinagula ndowa, ndinapereka nkhuku, ndipo ndikudziwa kuti ikanatha kufika patali kuposa pamenepo, mwinanso moyenera. Koma chimene chinandisowetsa tulo n'china. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti kuphonya ndi kungolephera basi, ngati kuphonya penate. Sindinadzifunsepo kuti machaka amene sanalase chigubu aja ankapita kuti. Amakagwa penapake ndithu. Ang'onoang'ono omwe amauluka mamita oposa 200, akuluakulu amapitirira apo. Chiphaso changa chimatsimikiza kuti boma likudziwa kuti mfutiyi ili ndi ine. Zoti ndimalasa kapena ayi, papepalapo palibe.

Amene anandithandiza ndi bambo wina amene anapuma usilikali, ndipo pano amagulitsa zipangizo za njinga pamsika wa kwathu. Sanayambe ndi mfuti. Anandiuza kuti nditambasule dzanja, ndiloze ndi chala nsonga ya mtengo maso onse ali otsegula, kenako nditsinzine diso lamanzere. Chala chinadumpha n'kuchoka pamtengopo. Nditatsinzina lamanja, chala chinakhala pomwepo.

"Ndiye vuto lanu limenelo, achimwene. Dzanja lanu ndi lamanja, koma diso limene limalamula ndi lamanzere."

Yesani pompano, muike foni pansi kaye. Pafupifupi munthu aliyense ali ndi diso limene ubongo umalidalira kwambiri poloza chinthu. Anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse ndi lamanja, ndipo ambiri a iwo dzanja lawo ndi lamanjanso, ndiye zimangogwirizana. Ife ena zinapingasa. Ndikaika mfuti paphewa lamanja, diso limene lili pamwamba pa mpope ndi lamanja, koma limene likusankha poloza ndi lamanzere, lomwe likuyang'ana kuchokera pambali. Ine ndimaona ngati ndalunjika bwinobwino, pamene mpope waloza kumanzere. Pa mapazi 25 kusiyanako kumakwana kuphonya chigubu. Pa mtunda wa kudimba kuja kunakwana kupeza ndowa ya munthu.

Chachiwiri chinali chochititsa manyazi. Tinapita kuchulu, iwo n'kumandiikira chipolopolo nditatembenuka, nthawi zina chenicheni, nthawi zina chogwira kale ntchito. Atandipatsa chopanda kanthucho ndinakoka, mfuti sinalire, koma mpope unagwadira pansi ndipo maso anga onse anali otsinzina. Thupi langa linkathawa kugunda kwa mfuti isanagunde n'komwe. Greener imamenya phewa kwambiri, ndipo tsiku loyamba lija inandisiyira chilonda chimene thupi silinaiwale. Chachitatu n'chakuti atsibweni anali aafupi ndipo thako la mfuti analidulako kuti liwakwane. Kwa ine, wamtali ngati mlongoti, n'lalifupi, moti mphuno imatsala pang'ono kukumana ndi chala changa chachikulu.

Mphini panalibe. Atsibweni anali ndi mfuti yowakwana, diso logwirizana ndi dzanja, ndi zaka makumi angapo akuwomba. Kunena zoona zinandikhumudwitsa pang'ono. Nkhani ya mphini inali yokoma, komanso inkandichotsera mlandu.

Msilikali uja anati njira zilipo ziwiri: kutsinzina diso lamanzere nthawi yowomba, kapena kusamutsira mfuti paphewa lamanzere n'kuyambiranso ngati mwana wa sitandade 1. Iwo anakonda yachiwiri. Za thako anati tiwonjezere mphira kumapeto kwake. Pamenepo ndinakana kwa mwezi wathunthu, chifukwa ndinkaona ngati ndikuipitsa chinthu cha malemu. Kenako ndinakumbukira kuti iwo eni ake anaicheka ndi sowo osaipepesa. Mphirayo tinaika. Ndi yonyansa, koma phewa linapuma.

Pano ndimapita kuchulu kamodzi pamwezi, chifukwa zipolopolo n'zodula ndipo sizigulidwa ngati matimati. Ndisanayambe ndimazungulira chulucho kuona ngati kuseri kuli munthu kapena mbuzi, zimene kale sindinkachita. Mwezi watha, paphewa lamanzere, ndinalasa katoni kanayi pa maulendo khumi. Anyamata anawomba m'manja. Msilikali sanawombe. Anati kanayi pa khumi ndiye kuti kasanu ndi kamodzi machaka apita kumene sindinawatume, ndipo kumunda ndisapite nayo mpaka iwo atanena.

Chaka chino anyani tikuwathamangitsa ndi zitini, malegeni ndi agalu, ndipo achita kudya ndithu. Mayi akunyumba maganizo awo ndi omveka: ndikaipereke kupolisi, ndalama za chiphaso ndi zipolopolo tigulire feteleza. Amati mwana wathu wamwamuna wayamba kufunsa kumene ndimabisa makiyi a bokosi. Ndikayesa kuwayankha ndimapeza kuti mfundo ndilibe, ndili ndi fungo la wonga ndi thabwa losalala basi. Atsibweni anati ndisaigulitse, ndisaibwereketse. Za kuipereka kuboma sananenepo, ndipo mayi akunyumba anaigwira mfundo imeneyo msanga kuposa loya.

Sabata yatha ndinakumana ndi mayi a ndowa aja pachigayo. Tinapatsana moni bwinobwino, n'kufunsana za ana. Ndikunyamuka anandiitana.

"Achimwene, ija mudakali nayo?"

Ndinati eya, ili m'bokosi.

"Mukadzaitulutsa mudzatiuze, tsiku limenelo kudimba tisadzapite."

Anaseka, ndipo azimayi ena pamzerepo anaseka nawo. Makiyi aja ndinawachotsa m'nyumba madzulo omwewo, pano amagona m'thumba la msilikali kumsika.